Mzere umodzi wa papepala la atsamunda

Mnyamata amene ndikufuna kukusimbirani sindimutchula dzina, ngakhalenso mudzi wa kwawo. Ndingoti ndi wa ku Chiradzulu, amagwira ntchito yowerengera ndalama ku Lilongwe, ndipo ndi munthu waulemu wake, wosakonda mikangano. Ndayamba ndi zimenezi kuti musaganize kuti zomwe zinamuonekerazi zimagwera anthu amwano okha. Iyeyu ankafunadi choonadi. Chimene chinamusowa ndi kudekha.

Banja lawo linagwirizana zomanga chiliza pamanda a agogo awo aamuna, bambo a mayi ake, amene anamwalira iye asanabadwe. Monga zikukhalira masiku ano, zokambirana zinkachitikira pa gulu la WhatsApp, popeza wina ali ku Blantyre, wina ku Mzuzu, ena ku Johannesburg. Atagawana za simenti, za matayilosi ndi za mbuzi, panatsala ntchito yolemba mbiri ya malemuwo yoti idzawerengedwe pa tsikulo. Onse anati, "Iwe ndiye wasukulu, lemba."

Zimene aliyense ankadziwa zinali zochepa. Agogowo anali apolisi nthawi ya atsamunda. Anagwirako ntchito ku Zomba, ku Limbe ndi kwina kumpoto. Atapuma anabwerera kumudzi kwa akazi awo n'kumalima nandolo, ndipo mwezi ukatha ankapalasa njinga kupita kuboma kukalandira penshoni. Kumudziko kunali thiranki lachitsulo lobiriwira. M'kati mwake munali chithunzi cha mwamuna woima njo, kabudula wa khaki wositidwa mpaka kuthwa, lamba wachikopa m'chiuno, nsalu zokulunga miyendo kuchokera mu akakolo kufika m'mawondo. Munalinso wezulo, ndi mendulo imodzi yokulungidwa m'kansalu. Kiyi wa thirankilo ankasunga ndi amayi aakulu a mnyamatayo, mwana woyamba wa malemuwo, amene anabadwira m'malaini a polisi n'kukulira momwemo.

Mnyamata uja anawaimbira foni kudzera kwa mdzukulu wina wa kumudziko. Mafunso ake anali atatu, ndipo anali atawalemba kale papepala: analowa ntchito chaka chanji, anafika pa udindo wanji, anapuma liti. Amayiwo sanayambire pamenepo. Anayamba ndi lipenga limene linkawadzutsa m'bandakucha, ndi mkazi wa sajeni amene ankayendera nyumba kuona ngati pabwalo paseseredwa. Anati chaka cha Napolo iwo anali kumbuyo, mayi awo n'kuthawa nawo usiku mvula ili pakati. Anati chaka cha njala anali atasamukira ku Limbe, ndipo abale ochokera kumudzi ankadzaza kanyumba ka chipinda chimodzi chifukwa wapolisi sankagona ndi njala. Anali atangofika pa ulendo wa kumpoto, sitima ya pamtunda mpaka ku Chipoka kenako Ilala, pamene mnyamatayo anayang'ana mayunitsi nati, "Chabwino Mayi, ndidzaimbanso." Sanaimbenso. Pa gulu paja analemba kuti amayi aakulu akalamba, zaka akuzisokoneza, iye afufuza m'mapepala.

Apa ndiime kaye, chifukwa ambiri a ife timaganiza chimodzimodzi. Timakhulupirira kuti kwinakwake ku Zomba kapena ku London kuli fayilo ya agogo athu, yolembedwa mwadongosolo kuyambira tsiku lobadwa mpaka tsiku lopuma ntchito, ikungodikira mdzukulu wodziwa Chingerezi. Boma la atsamunda linkakondadi kulemba, koma silinkalemba za aliyense mofanana. Lamulo lolembetsa ana obadwa ndi anthu omwalira silinkakakamiza anthu akuda. Munthu ankabadwa, kukwatira ndi kumwalira, boma osamulemba pena paliponse kupatula m'kaundula wa msonkho. Mu Gazette ya boma mzungu wa polisi mumupeza: tsiku limene anafika, limene anapita kutchuthi kwawo, limene anakwezedwa. Makonsitabulo akuda, amene anali ochuluka ndiponso amene ankayenda wapansi kukagwira anthu m'midzi, m'malipoti a pachaka amaoneka ngati chiwerengero chabe: olembedwa ntchito angapo, ochotsedwa angapo. Pamwamba pa izo, mu 1919 moto unapsereza maofesi a likulu la boma ku Zomba pamodzi ndi mapepala ambiri a zaka zoyambirira, ndipo nyumba yosungira mapepala akale, imene lero ndi National Archives of Malawi, inayamba mu 1947. Ufulu ukuyandikira, m'maiko ambiri amene Britain ankalamulira mapepala ena achinsinsi anawotchedwa, ena anapita nawo ku England n'kukawabisa. Obisidwawo anayamba kutulutsidwa mu 2012 chifukwa cha mlandu umene nkhalamba za ku Kenya zozunzidwa nthawi ya Mau Mau zinasumira boma la Britain, ndipo pakati pawo pali a Nyasaland. Choncho mapepala alipo, koma ndi zidutswa, ndipo analembedwa ndi bwana polembera bwana mnzake.

Palinso china. Banja likati "agogo anali apolisi", pamafunika kufunsa kuti apolisi ake ati. Zaka zoyambirira bwana DC aliyense anali ndi asilikali ake a paboma. Polisi imodzi ya dziko lonse, ya likulu lake ku Zomba, inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 pansi pa Major F. T. Stephens, ndipo John McCracken, amene anafufuza mbiri yake, anapeza kuti ambiri mwa olembedwa ntchito anali oti anakhalapo asilikali a Keyala, ndipo Ayao anali ochuluka. Koma pambali pa amenewa panali amesenjala a paboma, amesenjala a makhoti a mafumu, oyang'anira ndende, alonda a m'maesiteti a tiyi, ndi Anyasa ena amene anakalowa upolisi ku Southern Rhodesia. Onsewa ankavala khaki, ndipo kwa mwana wa m'mudzi onse anali apolisi. Nkhani ya maina ndiye yovuta koposa. Mwamuna mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali kapena kujando, la ubatizo, ndi lina limene anadzipatsa pofuna ntchito. Kalaliki ankalemba zimene khutu lake lamva, n'kuika dzina la bambo ngati dzina lachiwiri. Anthu a maina ofanana anali mbwee, n'chifukwa chake polisi inkadziwa munthu wake ndi nambala.

Mnyamata wathu zonsezi sankazidziwa, ndipo ku Zomba sanapite. Tchuthi chinali kutali, mafuta okwera mtengo. Pa Facebook anapeza munthu wina wodzitcha wofufuza mbiri za mabanja, amene analonjeza kuti zitseko zonse amazidziwa. Anamutumizira dzina la agogo, boma la kwawo, ndi ndalama pafoni. Posakhalitsa chithunzi chinafika. Linali pepala lotayipidwa, lofiirira ndi ukalamba, koma lojambulidwa pakati pokha. Mutu wake sunkaoneka, nambala ya fayilo panalibe, mizere ya pamwamba ndi ya pansi inali yodulidwa. Mzere umodzi unali wozunguliridwa ndi inki yofiira: nambala, udindo wa konsitabulo, dzina lenileni la agogo monga mmene banja limalitchulira, zilembo zitatu PMF, chaka cha 1959, ndi mawu oti wachotsedwa ntchito chifukwa chomenya munthu amene anali kale m'manja mwa apolisi.

Pepalalo silinali labodza, ndipo msampha unali pamenepo. Likanakhala lopeka akanalikayikira. Koma linkaoneka ukalamba wake, zilembo za taipi zina zolowa kwambiri zina zofufutika, ndipo dzina linali lomwelo. Mtima unamugunda. Anayamba kuwerenga za 1959 usiku wonse.

Zimene anawerengazo ndi zoona, ndipo Mmalawi aliyense ayenera kuzidziwa. Police Mobile Force, PMF ija, inakhazikitsidwa mu 1954, pambuyo pa zipolowe za 1953 zimene zinayambira ku Thyolo, pamene anthu 11 anaphedwa pa mkwiyo wa malo, thangata ndi Chitaganya. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo m'bandakucha wa tsikulo Dr. Banda ndi atsogoleri a Congress anagwidwa. Otsekeredwa anapitirira 1,000, ambiri ku Kanjedza ku Limbe. Anthu 51 anaphedwa, malinga ndi bungwe lofufuza limene ankatsogolera Patrick Devlin, ndipo bungwe lomwelo linapeza kuti m'midzi ina nyumba zinawotchedwa ndipo anthu anamenyedwa popanda lamulo lililonse lololeza. Malo amene kunafa anthu ambiri tsiku limodzi ndi ku Nkhata Bay, kumene khamu linasonkhana padoko kufuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Lipoti la bungwelo linawerenga anthu 20. Eni dera amawerenga oposa pamenepo.

Mnyamata uja anatenga zinthu zitatu n'kuzimanga mtolo umodzi: chaka cha 1959, zilembo za PMF, ndi mawu a amayi aakulu oti banja linapitako kumpoto pa Ilala. Sanafunse kuti ulendo wa kumpotowo unali wa chaka chanji, popeza foni ija anaidula nkhaniyo isanafike pamenepo. Sanawerengenso mofatsa kuti aone kuti amene anawombera padoko la Nkhata Bay sanali apolisi a Nyasaland, koma asilikali achizungu a Royal Rhodesia Regiment ochokera ku Southern Rhodesia. Ndipo sanadzifunse funso limene mwana wa sitandade 8 akanafunsa: munthu wochotsedwa ntchito chifukwa cha mlandu angamapalase bwanji njinga mwezi ndi mwezi kukalandira penshoni?

Masiku amenewo tchuthi cha pa 3 March chinali pafupi, wailesi zikukamba za ofera dziko. Usiku wina analemba uthenga wautali. Anati wapeza choonadi chowawa, agogo amene banja likufuna kuwamangira chiliza anali m'gulu la opha anthu ku Nkhata Bay, ndipo ngakhale azungu omwe anawachotsa ntchito chifukwa cha nkhanza. Anati banja lisabise, lipepese mtundu. Anaikapo chithunzi cha pepala lija ndi chithunzi cha agogo ali mu yunifolomu, n'kutumiza.

Ndikumvetsa chimene chinamukankha. M'badwo wathu watopa ndi mbiri zophimbaphimba, ndipo pali ulemerero wina umene munthu amaumva akamaulula tchimo la kwawo, kudziona ngati wolimba mtima kuposa abale ake onse. Sindikunena kuti apolisi a nthawi imeneyo tiwayeretse. Ndi iwo amene ankasaka othawa msonkho, nthawi zina n'kugwira mkazi kuti mwamuna adzionetse yekha kuboma. Ndi iwo amene ankamanga unyolo alimi okana malamulo a malimidwe. Komanso ndi anthu amene njira zina zopezera ndalama ya msonkho womwewo zinali thangata pa esiteti, Wenela kapena Mthandizi, kusiya mkazi ndi ana zaka. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo mdzukulu ali ndi ufulu wofunsa kuti agogo ake anaima pati. Koma kufunsa ndi kwina, kugamula ndi kwina. Iyeyu anagamula mlandu wakupha, wozengedwayo ali m'manda, mboni yokhayo yamoyo ataidula pafoni.

Uthenga wa pafoni uli ngati moto wa lupsa, woyatsa sasankha kumene ukathere. Kutacha unali utatuluka kale m'gulu la banja. Msuweni wake wina anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Nkhata Bay, ndipo apongozi ake anaulandira kuchokera kwa munthu wa kutchalitchi kwawo. Kubanja limenelo tsiku la 3 March si tchuthi wamba, ali ndi wawo amene sanabwerere kuchokera kudoko. Mtsikanayo anaimba foni akulira, kufunsa kuti alowa bwanji m'nyumba ya apongozi. Kumudzi ku Chiradzulu uthengawo unawerengedwa pamjigo, mwana wasukulu akuwerengera azimayi mokweza. Nkhalamba zina zinakumbukira mawu amene anali atagona zaka zambiri, oti kapirikoni, amene ankanenedwa kwa aliyense woganiziridwa kuti ali kumbali ya azungu. Amayi aakulu anamva nkhaniyi kuchokera kwa anthu obwera kumjigoko.

Atsibweni ake anamuitanitsa. Sanakambe zambiri pafoni, anangoti, "Ubwere Loweruka. Mayi ako aakulu sakudya."

Anawapeza atakhala pamphasa pakhonde, thiranki lija lili pambali pawo. Anagwada n'kupereka moni.

"Muli bwanji, Mayi?"

"Ndili momwemu. Wayenda bwanji, mwanangu?"

Kenako kunali zii. Atsibweni anayang'ana pansi. Amayiwo anatulutsa kiyi amene anamangirira pa ngodya ya chitenje, n'kutsegula thirankilo mosafulumira.

"Akuti walemba kuti atate anapha anthu kunyanja."

"Mayi, ndinapeza pepala la boma."

"Pepalalo linalipo m'nyumba mwathu? Linkadya nafe? Ine ndinalipo. Kumpoto tinapita ndisanayambe sukulu, ndipo tinabwerako Kamuzu asanabwere. Chaka cha chipolowe tinali ku Zomba, ine ndili mtsikana wotha kusinja. Unandifunsa?"

"Ndinakuimbirani, Mayi."

"Unandiimbira, n'kundidula pakamwa."

Anamasula kansalu kaja n'kumupatsa mendulo. "Iwe wodziwa kuwerenga, werenga m'mphepetemo."

Mnyamatayo anali ataiona mendulo imeneyi kangapo ali mwana, koma kutsogolo kokha, kumene kuli mutu wa mfumu ya ku England. Sankadziwa kuti m'mphepete mwake, mopyapyala muja, mumalembedwa zilembo. Inali mendulo imene wapolisi wa m'maiko a atsamunda ankapatsidwa akagwira ntchito zaka 18 ndi mbiri yabwino. Anaipendeketsa padzuwa, n'kupukuta ndi chala. Munali nambala, udindo wa sajeni, ndi dzina. Nambalayo sinali ya papepala lija. Dzinalo silinali limene banja limadziwa.

Amayiwo anafotokoza mwachidule, mawu ali gwa. Bambo awo polowa ntchito anapereka dzina la kuchinamwali pamodzi ndi la atsibweni awo amene anawalera, chifukwa ndi limene linali pa chiphaso cha msonkho. Kuntchito konse ankadziwika ndi limenelo, ndipo penshoni ankasainira limenelo. Dzina limene adzukulu amalidziwa ndi la ubatizo, limene analitenga atakwatira kale, ndipo ndi limene anthu a kumudzi ndi kumpingo anawazolowera nalo atapuma ntchito. Munthu wa papepala uja anali wina, mwana wa eni ake.

"Atate sanali mngelo," anatero. "Ukanakhala pansi ndikanakuuza za usiku umene anabwera yunifolomu ikununkha utsi, n'kukhala panja mpaka kucha osalowa m'nyumba, nsima osaikhudza. Chimenecho ndiye chawo, ndipo ndachisenza ndekha zaka zonsezi. Koma iwe wawasenzetsa mitembo ya eni."

Atsibweni anangoti, "Safunsa anadya phula," n'kuyamba kukonza za kupepesa. Mawa lake mnyamatayo anabwera ndi nkhuku, shuga ndi chitenje, n'kugwada pamaso pa mbumba yonse. Amayiwo analandira. Anati, "Nkhuku ndalandira, ndiwe mwana wanga, sindingakutaye. Koma mtima sunatsike. Ubwere tikakolola, udzagone kuno masiku, usadzabwere ndi changu cha m'tauni. Ndidzakuuza zonse, zabwino ndi zoipa zomwe."

Chimanga chisanalowe m'nkhokwe, amayiwo anagwa pabwalo akuanika nandolo. Anali matenda ofa ziwalo. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinaleka kugwira ntchito, lilime linagwidwa. Mnyamatayo anathamangira kuchipatala, ndipo ankamuzindikira, ankamugwira dzanja, koma mawu sankatuluka. Anamwalira nyengo yozizira isanathe. Azibale awo otsala, kuphatikizapo mayi ake a mnyamatayo, anabadwa mochedwa, za m'malaini sakumbukira kanthu. Za usiku wa utsi uja palibe wina anazimvapo: kunali kuti, nyumba zake zinali za yani, sajeniyo analamula kapena analamulidwa, anakana kapena anayatsa. Mnyamata amene ankafuna kuti banja lake liyang'ane tchimo la agogo maso ndi maso ndi yemweyo amene anatseka khomo lokhalo lolowera ku tchimo lenilenilo. Ichi ndi chimene chimandipweteka kwambiri m'nkhaniyi. Mwina kwinakwake kuli banja limene nyumba yawo inapsa usiku umenewo, limene likanayenera kumva mawu opepesa, ndipo silidzawamva.

Pali winanso wolakwiridwa amene sitimuganizira msanga, konsitabulo wa papepala uja. Iyenso ali ndi adzukulu. Mzere umene unalembedwa za iye ukunena za kumenya munthu mmodzi, ndipo umenewo ndi mlandu wokwanira pawokha, koma sukunena za Nkhata Bay kapena za kupha. Nambala yake ndi dzina lake tsopano zikuyenda m'mafoni a anthu pansi pa mutu wa kupha anthu padoko, pambali pa nkhope ya munthu wina.

Pambuyo pa maliro mnyamatayo anachita zimene akanayambira. Anatenga tchuthi n'kupita yekha ku Zomba, atanyamula nambala ndi dzina la pamendulo. Kumeneko anaphunzira kuti ntchito imeneyi ndi ya masiku, yopempha fayilo, kudikira, kuwerenga masamba ambiri opanda kanthu, ndi kulemba nambala ya fayilo iliyonse imene watsegula kuti wina adzathe kukaonanso yekha. Anaphunzira kuti pepala limawerengedwa lonse, kuyambira pamutu, kuti udziwe analemba ndani, polembera yani, pofuna chiyani. Anaphunzira kusaka ndi maina akale a malo, popeza m'mapepala amenewo Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill, Thyolo ndi Cholo, Mulanje ndi Mlanje. Anakafikanso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ku Blantyre. Ndipo kumpingo wa kwawo, m'kaundula wa ubatizo amene mbusa anatulutsa m'kabati, anapeza dzina la ubatizo lija, pambali pake mlembi wa kalelo atalemba dzina lakale. Umboni woti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi unali pamtunda woyenda wapansi kuchokera pakhonde la amayi aakulu.

Chimene chinamuliza ndi china. Ali ku Zomba anamva kuti Napolo amene anakokolola mbali ya tauniyo anachitika mu December 1946, ndipo njala yaikulu imene inavuta kwambiri madera a Blantyre inali ya 1949. Kamuzu anabwera pa 6 July 1958. Anakumbukira foni ija ndi mawu a pakhonde aja. Chaka cha Napolo ndinali kumbuyo. Chaka cha njala tinali ku Limbe. Tinabwerako Kamuzu asanabwere. Amayi amene iye anawanena pa gulu kuti akusokoneza zaka anali akumupatsa zaka zenizenizo, mwa kawerengedwe kawo, malo ndi malo, mwadongosolo kuposa pepala lililonse limene anapeza pambuyo pake. Akuluakulu athu ambiri amasunga nthawi chotero: chaka cha dzombe, chaka cha kadamsana, chaka chimene mlatho unakokoloka, chaka chimene wakutiwakuti anabwera ku Joni ndi galamafoni. Wofufuza ntchito yake ndi kukhala pansi, kutsegula chojambulira mawu cha pafoni atapempha chilolezo, kuwasiya azungulire mmene akufunira, kenako n'kukasandutsa Napoloyo kukhala 1946 ali yekha kunyumba. Inu amene muli ndi thiranki lotere kwanu, ndi munthu amene akusunga kiyi wake, pitani mwezi uno. Mukatulutse zinthuzo chimodzichimodzi iwo ali pompo, mutembenuze chithunzi muone kumbuyo, mupendeketse mendulo, mufunse kuti kuntchito ankawaitana ndani. Ndipo chimene mwapeza, chokoma kapena chowawa, chiyambe chamvedwa ndi eni mbumba pakhonde chisanafike pa gulu la anthu makumi anayi amene aliyense ali ndi magulu ake ena.

M'mapepala a ku Zomba dzina la pamendulo analipeza pamalo amodzi, pa mndandanda wa apolisi osamutsidwa kuchoka pa siteshoni ina kupita pa ina. Za usiku wa utsi sanapeze kanthu.

Chiliza chinamangidwa chaka chotsatira, ndipo panalembedwa maina onse awiri ndi nambala ija. Mbiri sinawerengedwe. Msuweni wa ku Nkhata Bay uja anatumiza ndalama yake ya simenti koma sanabwere, ndipo mpaka lero akakumana pamaliro amangopatsana moni wa pakamwa. Mnyamatayo analemba uthenga wachiwiri wotsutsa woyamba uja, ndi chithunzi cha m'mphepete mwa mendulo, n'kupempha aliyense kuti autumize kulikonse kumene anatumiza woyambawo. Ochepa anatero, popeza uthenga woti munthu sanaphe sukoma kutumiza. Mwezi wa March wapitawu, mnzake wa kuntchito amene sadziwa chilichonse cha banja lawo anamutumizira uthenga woyamba uja, mawu ake omwe aja osasintha ngakhale chilembo, nkhope ya agogo ake ili pamwamba, ndipo pansi pake wina atawonjezera kuti tumizani kwa ena kuti mtundu udziwe.